Mayi Fufuta ndi Bodza la Mphenzi

Pa nyumba ya wailesi imene mayi Fufuta anagwirapo ntchito zaka makumi awiri ndi ziwiri, aliyense wa mawu okoma anali ndi ofesi ya zenera. Iwo, amene anali ndi mutu, anawapatsa kachipinda kogundana ndi chimbudzi, mmene munali tebulo la miyendo yosafanana, kompyuta yochedwa kudzuka, ndi shelefu ya mabuku amene anagula okha kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu. Dzina la Fufuta silinali lobadwa nalo. Anawapatsa ndi aulutsi, chifukwa pepala lililonse lolowa m'kachipindamo linkatuluka litakhwatchidwa ndi cholembera chofiira ngati lachita ngozi.

Ntchito yawo inali kutaipa ndi kukonza zolemba za pulogalamu ya sayansi ndi luso lamakono, imene inkauluka Lachinayi lililonse 4 koloko masana. Ali mtsikana anakhoza sayansi kuposa anyamata onse a m'kalasi mwawo, koma chaka chomwecho bambo awo anafa ziwalo, ndipo panafunika wina woti apeze ntchito msanga kuti mng'ono wawo asasiye sukulu. Anaphunzira kutaipa. Sayansiyo anaipitiriza okha ndi mabuku othothoka zikuto, moti pofika zaka makumi anayi ankadziwa zambiri kuposa amuna amene ankawalembera zoti akanene.

Amunawo anali awiri. Woyamba anali muulutsi, bambo wa mawu onona amene ankakonda kudzimvera yekha. Wachiwiri anali mlendo wa pulogalamuyo, amene onse ankamutchula kuti Dokotala, ngakhale panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kuti udokotalawo unali wa chiyani, kaya wa mano, kaya wa nkhuku. Dokotala ankabwera ndi mapepala amene watola pa intaneti m'mawa womwewo. Miliyoni ndi biliyoni ankazisokoneza ngati mapasa. Mabakiteriya ndi mavairasi ankawaponya m'thumba limodzi n'kulangiza anthu mankhwala amodzi. Mawu achilendo akamukanika kumasulira ankangowameza athunthu n'kuwalavulira omvera, ndipo akayesa kumasulira ankatulutsa chiganizo choti ngakhale mayi ake omubereka sakanachizindikira. Zonsezi zinkadutsa pa tebulo la mayi Fufuta n'kutuluka zitasamba. Makalata oyamikira ankapita kwa Dokotala.

Vuto linali lakuti Dokotala ankakonda kusiya pepala n'kuyamba kulankhula za m'mutu. Cholakwa chikauluka motero, nyumbayo inali ndi njira yake yochikonzera. Sabata yotsatira, pulogalamu itatha, nyimbo yotsekera itayamba kale kulira, muulutsi ankawerenga zokonzazo mothamanga ngati munthu amene njuchi zamulondola, wa makina akukweza nyimboyo pang'onopang'ono mpaka mawu onse atamira. Bodza linkalowa pa khomo lalikulu litavala suti, choonadi n'kumatulukira pa zenera la kuseri. Mabwana ankati umenewo ndiwo ukadaulo.

Mng'ono wawo uja anakula n'kukhala telala. Anakwatiwa ndi mmisiri wokhoma madenga, anabereka ana atatu, ndipo banjalo linkakhala m'nyumba ya kuseri pa malo a apongozi ake aakazi. Lolemba lina, mitambo itada bii, telalayo anaimbira foni mwamuna wake, amene anali pamwamba pa nyumba ya nsanjika ziwiri, kumuuza kuti atsike mvula isanayambe. Mwamunayo anayankha kuti kwangotsala malata awiri. Mphenzi inamupeza pomwepo, foni ili m'manja.

Mayi Fufuta anapempha masiku opuma, koyamba chilowereni ntchito. Maliro anaikidwa Lachitatu. Lachinayi masana, abale akadali odzaza m'nyumba ya apongozi, mwini nyumbayo anatsegula wailesi, pakuti pulogalamu ya sayansi sankaiphonya ngakhale atadwala. Mawu a Dokotala anadzaza chipinda chochezera.

"Omvera athu, sayansi yatsimikiza. Foni ya m'manja imakoka mphenzi monga maginito amakokera msomali. Sabata yomwe ino mmisiri wina wafera pa denga atangoyankha foni ya mkazi wake. Amayi, mukamawaimbira amuna anu kukugwa mvula, dziwani kuti mukuwaitanira imfa."

"Nkhani yoopsa, a Dokotala," anatero muulutsi. "Tiyamike sayansi."

Apongozi anatembenuka n'kumuyang'ana mkazi wamasiyeyo, amene anakhala pansi pafupi ndi chitseko.

"Mwamva? Si ine ndanena. Wanena ndi munthu wophunzira. Mwezi uno usanathe mundichokere pano ndi makina anu osokerawo. Sindingamadzuke m'mawa uliwonse n'kumaona nkhope ya munthu amene anandiitanira mwana wanga ku manda. Ana atsala. Amenewo ndi magazi athu."

"Amayi, pepani," anatero mayi Fufuta, "foni ya m'manja siikoka mphenzi. Mphenzi imakonda kugwera chinthu chachitali chimene chili pamtetete. Alamu anali pamwamba pa denga mabingu atafika. Foni ikanakhala m'thumba, kaya kunyumba, ngozi inali yomweyo."

"Inu ndinu dokotala?"

"Ayi, amayi."

"Ndiye nkhani yatha. Mumataipa, taipani."

Mayi Fufuta anazindikira pomwepo kuti mabuku onse a pa shelefu yawo, ngakhale atawanyamula pa wilibala n'kudzawakhuthula pa khonde limenelo, sakanalemera ngati chiganizo chimodzi chotuluka m'kabokosi kaja. Chimene wailesi yamanga, wailesi yokha ndiyo ikanachimasula. Ndipo mwezi unali utatsala ndi masiku khumi.

Lolemba m'mawa anagogoda pa ofesi ya mkulu wa mapulogalamu, bambo wonenepa amene ankasaina makalata osawawerenga. Anamufotokozera zonse, anamuikira patsogolo mabuku awiri otsegula pa masamba oyenera, n'kupempha chinthu chimodzi: kuti zokonza za sabata imeneyo ziwerengedwe kumayambiriro kwa pulogalamu, popanda nyimbo.

"Mayi Fufuta, pepani ndi zovuta," anatero mkuluyo akukankhira mabukuwo kumbali ndi chala chimodzi. "Koma ndiye maliro a kwanu mwabwera nawo ku ofesi?"

"Maliro a kwathu anabwera nawo ku ofesi ndi a Dokotala, bwana. Ine ndangobwera kudzawatenga."

"Zokonza zili ndi malo ake. Tikayamba pulogalamu ndi mawu akuti tinalakwa, mawa adzatimvera ndani?"

"Nanga tikapitiriza kunama, akutimverera chiyani?"

"Kumapeto, mayi. Monga mwa nthawi zonse. Mutseke chitseko potuluka."

Lachitatu Dokotala anakumana ndi mayi Fufuta pa makwerero, akupukuta magalasi ake ndi tayi. Anawamvetsera akumwetulira ngati munthu amene mwana akumuonetsa chithunzi cha galimoto.

"Mayi, sayansi si kutaipa. Zimenezi ndinaziwerenga."

"Munaziwerenga pati, a Dokotala? Ndikufuna ndikawerengenso."

"Zili ponseponse. Anthu amatumizirana."

"Anthu amatumizirananso chimfine."

Kumwetulira kuja kunazima. "Kodi inu sukulu munalekezera pati?"

"Pamene ndinalekezerapo ndi pomwe pakhala pakukudyetsani zaka zisanu ndi zinayi."

Dokotala anakwera makwerero osayang'ana m'mbuyo. Mkazi amene anamunamizira pamaso pa anthu ochuluka chotero sankamudziwa nkhope, ndipo sanafunse ngakhale kuti ali ndi ana angati.

Mayi Fufuta anabwerera m'kachipinda kawo n'kukhala nthawi yaitali manja ali pa tebulo. Sanali munthu wa chipongwe. Zaka zonsezo sanasinthepo mawu a munthu mwakabisira. Chilichonse chimene akonza ankachionetsa ndi inki yofiira kuti mwini wake achione. Koma ankadziwa chinthu chimodzi chokhudza muulutsi chimene mabwana sankachilabadira. Bamboyo sankawerenga pepala lake pulogalamu isanayambe. Ankafika kutatsala mphindi zitatu, kuvala mahedifoni, kukonza kukhosi, n'kuyamba kuyimba chilichonse chotaipidwa, maganizo ali pa kukoma kwa mawu ake. Tsiku lina anawerengerapo omvera onse, mwaulemu waukulu, mawu a m'mbali akuti "apa imwani madzi".

Lachinayi m'mawa anataipa zolemba za tsikulo monga mwa masiku onse. Nkhani yake inali ya mabatire a mphamvu ya dzuwa, ndipo anakonzamo zolakwa khumi ndi zinayi. Kenaka pamwamba penipeni, patangotha moni, anawonjezera ndime imodzi. Anaiwerenga katatu, anachotsamo mawu awiri aukali amene sankafunika, n'kusindikiza. Nthawi itakwana anakaika mapepalawo pa tebulo la mu situdiyo, n'kukaima kuseri kwa galasi pambali pa wa makina, bambo wa imvi wosakonda zolankhula.

Nyali yofiira inayaka. Muulutsi anapereka moni, anamulonjera Dokotala, n'kupitiriza ndi mawu ake onona aja.

"Omvera athu, tisanayambe, tikonze bodza limene tinaulutsa sabata yatha. Foni ya m'manja siikoka mphenzi. Mmisiri amene tinamutchula uja anafa chifukwa anali pamwamba pa denga nthawi ya mabingu. Mkazi wake anamuimbira foni kuti atsike. Sanamuitanire imfa, ankafuna kumupulumutsa. Mayi ameneyu tinamulakwira, ndipo tikupepesa. Si choncho, a Dokotala?"

Anazindikira chimene wawerenga atafika kale pa funsolo. Maso anatuzuka. Dokotala anatsegula pakamwa n'kutsekanso. Mkulu wa mapulogalamu anatulukira akuthamanga, mimba ili patsogolo, n'kuyamba kumukodola wa makina kuti akweze nyimbo. Bambo wa imviyo anawerama pansi pa tebulo lake n'kuyamba kufunafuna waya amene sanasowe. Pa wailesi, masekondi asanu a chete amatalika ngati ulaliki, ndipo Dokotala anawamva onse asanu akumuyenda pamsana.

"E-e, inde," anatero potsiriza. "Inde, n'zoona. Ndipotu ndi zimene ndinkatanthauza sabata yatha. Kungoti anthu sanandimvetse."

Mafoni anayamba kulira. Omvera ankayamikira Dokotala chifukwa cha kudzichepetsa kwake. Bambo wina anati anthu otere ndi osowa masiku ano, ndipo Dokotala anavomereza kuti ndi osowadi.

Pulogalamu isanathe, mayi Fufuta anali ataitanidwa kale ku ofesi ya zenera lalikulu. Mkuluyo sanawapatse mpando.

"Mwaichititsa manyazi nyumba ino."

"Manyazi anachitika sabata yatha, bwana. Lero tangowachapa."

"Tengani mabuku anu. Musabwere mpaka titakuitanani."

Onse awiri ankadziwa kuti kuitanako sikudzachitika. Munthu amene ananamizira mkazi wamasiye anatsala ndi mpando wake ndi kapu yake ya madzi. Amene anakonza bodzalo anatsika makwerero atasenza katoni. Wa makina anawatsegulira chitseko chakunja n'kuwanyamulira katoniyo mpaka pokwerera basi.

Anafika kwa mng'ono wawo dzuwa likadalipo. Apongozi anali pa khonde, wailesi ili pa miyendo, akuyang'ana kumbali.

"Mwamva, amayi?" anafunsa mayi Fufuta atapereka moni.

"Ndamva. A Dokotala akonza okha. Anthu ophunzira sachita makani ngati ena." Anakanda chigongono. "Kamuuzeni mng'ono wanuyo amasule katundu. Ana akufuna mayunifolomu, asoka ndani?"

Kupepesa kwawo kunali komweko. Mayi Fufuta anali ndi mawu ambiri pa lilime, ena akuthwa bwino, koma anawameza. Sanabwerere kudzapambana mkangano. Anazungulira kuseri.

M'nyumbamo zikwama zinali zitaunjikidwa pakati pa chipinda, makatani atachotsedwa, makina osokera atakulungidwa m'bulangete n'kumangidwa ndi chingwe. Mng'ono wawo anakhala pa matiresi opinda, manja ali pakati pa maondo. Zimene apongozi ananena anali atazimva kale kudzera pa zenera, koma nkhope yake sinasinthe.

"Achemwali," anatero osadzutsa mutu, "mawu aja ndawazindikira. Ndi anu. Bambo uja sangalankhule zomveka choncho."

"Ndi anga."

"Ndiye ndiuzeni inuyo, osati wailesi. Mwalemba zija chifukwa ndine mng'ono wanu, kapena ndi zoona?"

Mayi Fufuta anatula katoni ija pansi. Sabata yonseyo analimbana ndi apongozi, ndi bwana, ndi Dokotala, osaganiza n'komwe kuti bodzalo linali litakhazikika kwambiri mumtima mwa munthu amene ankamumenyera nkhondoyo.

"Ndi zoona. Ukanakhala mlendo woti sindinamuonepo, ndikanalemba chimodzimodzi, mawu ndi mawu."

"Ndikanapanda kuimba..."

"Akanakhalabe pa denga pomwepo. Iwe wekha ndiwe unamuuza kuti atsike."

Mng'onoyo anapuma mozama, ngati munthu amene watula mtolo umene anausenza mtunda wautali.

"Ndiye sindinamuphe."

"Sunamuphe."

Kenaka mng'onoyo anakwawira pa makina aja n'kuyamba kumasula chingwe. Mfundo yake inali yolimba, pakuti anaimanga ngati munthu wosayembekezera kudzabwerera, ndipo zala zake zinkaterera. Mayi Fufuta anagwada pambali pake n'kugwira mbali inayo.