Makina ochapira a papepala

Ndikukumbukira fungo la buku lija kuposa nkhope ya mwini wake. Linkanunkhira ngati m'sutikesi ya mlendo, ndipo linali lokhuthala moti mnzanga Esinati ankati ukamugenda nalo galu sadzabweranso pakhomo. Mwini wake anali Misi Joyisi, mphunzitsi wochokera ku Canada amene ankatiphunzitsa Chingerezi ndili Sitandade 4 ku Kawale. Silinali buku lophunzirira ayi. Linali buku lakalekale la sitolo yaikulu ya kwawo, lodzaza zithunzi za katundu wogulitsa: mafiliji, zitofu zamagetsi, nsapato, zidole zotsinzina.

Anatiuza kuti anachita kupatsidwa ndi amayi awo. Akuti nkhondo yaikulu ya dziko lonse isanathe, kwawoko umphawi unaliko ndithu, makolo awo akukhala m'kachipinda kamodzi ka lendi. Nkhondo itatha, abambo awo anabwerako ku usilikali n'kupeza ntchito, mafakitale akuphuka ngati bowa. Anthu anayamba kumanga nyumba kunja kwa mzinda, kugula magalimoto, ndi kubereka ana mwampikisano. Mayi ankangoloza chinthu m'bukumo, kulemba kalata, basi katundu n'kubwera yekha pakhomo. Abale inu, tinaseka mpaka kugwira m'mimba. Katundu kubwera yekha? Ali ndi miyendo?

Lachisanu lililonse ankatilola kuliona. Tinkaunjikana, mitu ikugundana, ndipo tsamba likangotembenuzidwa aliyense ankaponya chala n'kukuwa kuti changa. Woyamba kukhudza ndiye mwini. Esinati anali ndi mafiliji atatu chonsecho kwawo kunalibe magetsi. Ine ndinamenyanapo ndi mwana wa abusa chifukwa cha njinga yapapepala, mpaka kung'ambirana yunifolomu.

Koma chimene chinandilanda mtima chinali makina ochapira zovala. Misi Joyisi anati tsiku limene makinawo anafika kwawo, amayi awo anaitana aneba, n'kuwaikira mipando, onse n'kukhala pansi kuonerera zovala zikuzungulira. Ine ndinaganiza za amayi anga. Ankachapira anthu asanu ndi awiri a m'nyumba mwathu, kuwonjezera apo maganyu ochapa a kumayadi, zonse pamwala wa kuseri kwa nyumba. Nyengo yozizira manja awo ankang'ambika mpaka kutuluka magazi, ndipo akandigwira patsaya ankandikanda. Zinkandiwawa mumtima, ngakhale sindinkadziwa konenera.

Belu litalira, anzanga akuthamangira panja, ndinangoti tsamba la makinawo ng'ambu, pindepinde, m'thumba. Ndinathamanga njira yonse ndikuseka ndekha ngati wopenga. Ndinawapeza amayi atawerama pamwala paja.

"Amayi, siyani kuchapa. Ndakubweretserani makina. Mungolemba kalata basi."

Anayang'ana pepalalo, n'kundiyang'ana ine, kenaka anaseka mpaka kukhalira m'beseni la madzi. Atapukuta misozi anafunsa kumene ndalitenga. Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Ndinangoyamba kukanda pansi ndi chala chakuphazi.

Lolemba anandigwira dzanja mpaka kusukulu, ine ndikudziwa kuti sukulu yathera pomwepa. Amayi anapereka pepala lija ndi manja awiri, akupepesa kuti abereka mbava. Misi Joyisi sanayang'ane pepalalo. Anayang'ana manja amene analigwira, kwa nthawi yaitali, nkhope n'kufiira ngati phwetekere. Kenaka anati tsambalo ndi la amayi, alitenge, kungoti sitoloyo ili kutali kwambiri. Amayi anathokoza, koma anati kuba n'kuba. Ndinasesa kalasi sabata yathunthu polamula iwo, osati aphunzitsi.

Lero ndine nesi kuno ku Perth, kutsidya kwa nyanja. Mliri utavuta, malire atatsekedwa, tinayamba kugula zinthu pafoni. Tsiku lina ndikuweruka ndinapeza makatoni atatu ali phee pakhomo pathu m'dera la Mirrabooka, opanda munthu. Ndinaima ndi makiyi m'manja n'kuyamba kuseka, ana anga kumandiona ngati ndazungulira mutu. Katundu uja anali atamera miyendo. Sabata yomweyo ndinauza achimwene ku Lilongwe kuti awagulire amayi makina enieni.

Makina atafika, amayi anandiimbira pavidiyo. Aneba anali atadzaza pabalaza, nthungululu zili pakamwa, makina atafunditsidwa chitenje chatsopano ngati mkwatibwi. Pamwamba pake panali kapepala kaja, kofiirira, kodukaduka m'mapindo. Zaka zonsezi ankakasunga m'buku lawo la nyimbo. Ndinawauza kuti ayatse tione.

"Iyayi mwanawe. Unang'amba ndiwe, udzayatse ndiwe."

Ndinaseka nawo, koma foni itaduka mantha anandigwira. Amayi anali okalamba, matenda ali ponseponse, ndege kulibe. Ndinawachonderera miyezi ndi miyezi, iwo osagwedezeka, akuchapabe pamwala paja, makina ali chifundire. Ankati akawayatsa ndiye kuti ndilibenso chobwerera.

Malire atatsegulidwa ndinakwera ndege yoyamba imene ndinapeza. Ndinawapeza ali moyo, atachepa thupi, koma pakamwa pali pomwe paja. Aneba anabwera ndi mipando yawo. Ndinavundukula chitenje, kuika zovala, kuthira sopo, n'kudina batani. Makina anati ng'uuu kawiri, magetsi n'kuzima.

Kunali kuseka kwake, mayi wina mpaka kugwa pampando. Dziko lasintha, katundu akuyenda yekha, koma magetsi a kwathu sanamve nkhaniyi. Ndinatulutsa zovala zija zili noninoni, kumanga chitenje m'chiuno, n'kupita nazo pamwala paja. Amayi anakokera mpando wawo pafupi, manja ali pamiyendo, osagwira kanthu. Anandionerera ndikuchapa mpaka nsalu yomaliza, kenaka anatembenukira aneba.

"Mwaona? Kalata ija sindinalembe n'komwe, koma makina anga afika."