Wopera Dothi la Kumwezi

Kuchipinda chapansi cha nyumba yophunzitsira za miyala kunkagwira ntchito bambo wina amene aliyense ankangomutchula kuti a Fumbi. Poyamba ankaswa miyala yomangira nyumba, mpaka mayi wina wofufuza za mwezi anawalemba ntchito yopera miyala yakuda pamakina.

"Tikupanga dothi lofanana ndi la kumwezi," anatero mayiyo tsiku loyamba. "Kumeneko kulibe mvula, kulibe mphepo, ngakhale nyongolotsi. Dothi lake ndi miyala yonyenyeka chifukwa chogendedwa ndi miyala ina yochokera mumlengalenga. Timchenga take n'takuthwa, tina tinachita kusungunuka n'kukhala ngati galasi."

"Ndiye wogendayo samatopa?" anafunsa a Fumbi. Mayiyo anaseka mpaka kupukuta misozi.

Ntchito inali kupera, kusefa, kuthira m'migolo. Makinawo ankasokosa moti anthu sankatsikirako. Mayi yekhayo ndiye ankabwera masana, n'kukhala pamgolo, awiriwo n'kumagawana tiyi wa m'fulasiki.

Kunyumba kwa a Fumbi kunali zii. Akazi awo anapita kutauni ina kukathandiza mwana wawo wamkazi amene anali atangochira. "Ndibwera khandali likayamba kukwawa," anatero ponyamuka. Khanda linakwawa, linayenda, linayamba sukulu. Panalibe mkangano, kungoti ulendo wobwerera unkangosunthidwa. Makutu a a Fumbi nawo anayamba kufa ndi phokoso, moti pafoni ankangoti, "Mwati bwanji, amayi?" mpaka kumbali inayo atatopa.

Tsiku lina dothi lawo analiyala m'holo kuti ayeserepo kagalimoto kofuna kudzayenda kumwezi. Kanayenda pang'ono, matayala n'kutitimira. A Fumbi anaganiza kuti alakwitsa. Koma mayi uja anawathamangira.

"Bambo, dothi lanu lili bwinobwino! Matayalawa ndiwo akufunika kukonza."

Tsiku limenelo a Fumbi anabwerera kunyumba akuimba mluzu, koma woti amufotokozere panalibe. Anangotsuka mbale yawo n'kukhala pabedi nsapato zili kuphazi.

Chaka chotsatira mayiyo anapeza ntchito kunja. Wolowa m'malo mwake sankatsika pansi, uthenga ankatumiza kudzera kwa mlonda. A Fumbi anapitiriza kupera mpaka chifuwa chinawakaniza, ndipo anawapumitsa pantchito.

Analongedza katundu n'kutsatira akazi awo. Anawalandira bwino, n'kuwapatsa kachipinda kakuseri ndi mpando pakhonde. Anthu akamacheza, iwo ankangoona milomo ikugwedera, n'kumaseka ena akaseka.

Lamlungu lina mkamwini wawo anawafunsa mokweza kuti ntchito yawo inali yotani kwenikweni. A Fumbi anakhala bwino, n'kuyamba kufotokoza za miyala yogenda mwezi. Asanafike patali, foni ya mkamwiniyo inaitana, iye n'kupepesa n'kutuluka. Anamudikira mpaka akazi awo anabwera kudzawakuwira kukhutu kuti madzi osamba akuzizira.