Kamphika Kanga ka ku Mudzi Wachionetsero

Mwamuna wanga atamwalira, sindinabwerere kwathu ku Kasungu. Ndinatsala ku Lundazi, kumene tinkagwira ntchito m'minda ya fodya. Ana anali atapita kale ku Chipata. Masiku a ntchito ankapita okha, koma Loweruka linkatalika.

Loweruka lina ndinapalasa njinga kulowera cha ku Mwase, kukaona mudzi umene anamanga kuti anthu aziona moyo wamakedzana. Ndinkangofuna kumva mawu a anthu.

Ndinapeza nyumba zozungulira zofolera udzu, nkhokwe, mitondo ndi malichero. Zonse zinali m'malo mwake, koma m'nkhokwe munalibe chimanga, pabwalo panalibe ngakhale nkhuku. Ndinalowa m'nyumba ina n'kununkhiza. Simunkamveka utsi.

Pansi pa mtengo wa mango panali mayi wina akuumba mbiya.

"Monire, mama," anandilonjera m'Chitumbuka. Atamva kayankhidwe kanga anasintha chilankhulo. "Ndimwe a ku Malawi? Bwelani, nkhalani apa. Mwabwela mweka?"

"Ndekha, mayi."

Sanafunse zambiri. Anangotapa dongo n'kundiika m'manja. Linali lozizira. Mkulu wanga ankaumba tili atsikana, ine ntchito yanga inali yotunga madzi basi, choncho zala zanga zinalibe luso. Kamphika kanga kanapendekeka. Mayiyo anaseka, nanenso ndinaseka, ndipo ndinadabwa kumva kuseka kwanga. Tinacheza za mvula, za mawondo owawa, za ana osaimba foni. Anati kamphikako kayambe kauma, adzakaotcha pamodzi ndi zake, ndidzakatenge.

Masiku otsatirawo ndinkakonzekera zokamuuza. Ndinakazinganso mtedza woti tikadyere limodzi.

Nditabwererako, pansi pa mango paja panali posesa bwino, popanda munthu. Bambo woyang'anira malowo anati mayi uja anatengedwa ndi mwana wake kupita ku Copperbelt, sadzabweranso. Anandilozera mbiya zimene anasiya. Kanga kanali kumapeto, kootcha bwino, ndipo m'mphepete mwake munali mizere yokongoletsa imene ine sindinajambule.

"Tengani, ni kanu," anatero bamboyo.

Ndinamupatsa mtedza uja. Kamphikako ndinakakulunga m'chitenje n'kukamangirira kumsana ngati mwana, kuopa mabampu. Njira yonse ndinapalasa pang'onopang'ono. Ndikuwoloka mlatho wolowera ku boma m'pamene ndinakumbukira kuti dzina la mayi uja sindinafunse.