Mawu Amene Ezara Anasenza

Magadalena wa kwa Kaphuka sanapondepo dziko la Apwitikizi, koma mawu awiri a Chipwitikizi ankawadziwa ngati dzina lake. Anamuphunzitsa ndi mwamuna wake Anselmo, mkamwini wochokera kutsidya kwa malire, amene paunyamata wake ankanyamula machila a mzungu wa kumeneko.

Onse ndi mawu otsanzikira, komatu si amodzi ayi. Anselmo ankati, "Ate logo amanena munthu wopita kudimba, woti abweranso. Adeusi ndi kumusiya mnzako m'manja mwa Mulungu, poti iwe sudzamuonanso." Bamboyu analinso wanthabwala zedi. Kungopita kuseri kwa nkhokwe, ate logo. Mudzi wonse unafika pomutcha Atelogo. Adeusi ananenapo kamodzi kokha, pamanda a mwana wawo wachisamba.

Itabuka nkhondo ya Ajeremani, amesenjala a boma anadzagwira amuna kuti akakhale amtengatenga, osenza katundu wa asilikali. Anselmo anamugwira akupalira chimanga. Magadalena anathamangira kunjira, khutu lili tcheru kuti amve mawu amene mwamunayo asankhe.

"Ate logo, anaBanda," anatero Anselmo, uku akumwetulira.

Basi, mayiyu anagwira pomwepo. Chaka chinatha, china n'kulowa. Amuna ena anabwerako ali mafupa okhaokha, za Anselmo zii. Alongo ake a Magadalena, a Ignasio, anatopa nazo.

"Chemwali, tiyeni timete maliro mumasuke. Mukalamba mukudikira mphepo."

"Achimwene, munthu anati abwera. Ndim'metere maliro ali moyo?"

Anthu amalankhulatu. Ena ankati mutu wasokonekera, ena ankamuseka kuchitsime. Iye ankangolima fodya wa mwamuna wake pachulu, n'kumayanika, n'kumasunga kudenga. Chisoni chake chinali chakuti sanali mkazi wa munthu, sanalinso wamasiye, moti ngakhale kulira sankadziwa ngati n'kololedwa.

Tsiku lina m'nyengo yozizira, nkhungu itaphimba Phiri la Dedza, panafika mlendo wotsimphina. Anati dzina lake ndi Ezara wa ku Chimbiya, ndipo ankasenza katundu gulu limodzi ndi Anselmo. Anakhala pamkeka, maso pansi.

"Mayi, amuna anu tinawaika m'mbali mwa njira. Anatsegula m'mimba mpaka kutha."

Magadalena sanagwetse msozi. "Inu mukutero. Nanga iwo anati chiyani?"

"Anandipatsa mawu amodzi oti ndidzakutulireni. Si Chichewa, ndipo ine sindiwamva. Ndinawapempha kuti andimasulire, anakana, amvekere mwini wake akudziwa. Ndakhala ndikuwabwereza njira yonse kuopa kuiwala." Ezara anawatchula mosamala ngati akutula mtsuko wodzaza. "Adeusi."

Mayi uja anaimirira, nalowa m'nyumba, natsitsa fodya yense kudenga. Anamuika pamiyendo pa Ezara, poti wonyamula katundu sabwerera chimanjamanja. Atatero anatuma mwana wa mnansi kukaitana a Ignasio, kuti abwere ndi lumo.

Maliro anayamba iye mwini, pakhomo pomwepo, ndipo akazi omwe ankamuseka aja anasiya mitsuko kuchitsime n'kubwera kudzamuthandiza kulira.