Kamera Inayang'ana Chitseko Cholakwika

Mukafunsa Amalawi a mumzinda wa Perth ku Australia kuti Rodwell ndi ndani, ena angakuuzeni kuti ndi wamagetsi wa ku mgodi, uja amakwera ndege kupita kumpoto milungu iwiri n'kudzapuma umodzi. Koma ambiri angoseka n'kunena kuti ndi uja wa kamera, munthu wosadziwa kukamba nkhani mowongoka. Kungomufunsa ngati basi yadutsa, amayambira mmene kunachera.

Matenda amenewa anawatengera ku Kawale. Malume ake anali ndi nyumba yoonetsera mafilimu, ndipo pakati pa matepi a karate panali atatu akalekale, a zithunzi zakuda ndi zoyera, opangidwa ndi mzungu wina katswiri wa mafilimu ochititsa nthumanzi. Munalibe zibakera, munalibe kuthamangitsana, koma anthu ankaiwala ndi chinangwa chomwe agula pakhomo. Rodwell anaonera matepiwo mpaka kutheratu, ndipo anatulukira chinsinsi cha mkuluyo. Iye ankayamba wauza oonera zimene munthu wa m'filimu sakuzidziwa. Inu mwaona kale kuti kuseri kwa chitseko kwabisala munthu, mwini nyumba akungoimba mluzu uku akuvula nsapato. Mtima umangoti di di di, mpaka kufuna kumukuwira.

Nzeru imeneyi anabwera nayo ku Australia. Akakhala pa mlungu wopuma amajambula maukwati ndi maphwando a Amalawi anzake, ndipo vidiyo yake imakusungani mtima m'mwamba ngakhale mukudziwa bwino kuti anthuwo anakwatirana kale.

Tsono chaka chatha mkazi wake Tionge anamaliza maphunziro a unamwino ku yunivesite ya Murdoch, atavutika zaka zambiri akusamalira okalamba masana, mabuku ali m'chikwama. Panali patatha zaka zisanu ndi zitatu asanaonane ndi mayi ake, a Nasimango a ku Mitundu. Rodwell anayendetsa mapepala a ulendo mwakachetechete, n'kuwabweretsa apongozi akewo, n'kukawasungitsa masiku awiri kwa mnzake Petro. Ankafuna chinthu chimodzi basi: kujambula nkhope ya Tionge pa mphindi imene adzawaone mayi ake, kuti mkaziyo adzaisunge moyo wake wonse.

Phwando linali Loweruka masana ku Malaga, dera lina la Perth, m'holo ya mpingo yomwe kale inali nyumba yosungira katundu. A Nasimango anawakhazika m'kachipinda ka mipando. Chitseko chochokera m'kachipindako kulowa m'holo anachikhoma, kiyi n'kumupatsa Petro kuti adzatsegule nthawi ikakwana 3 koloko. Kenako, motsatira mphunzitsi wake wa pa matepi uja, Rodwell anauza dala alendo onse za chinsinsicho, kupatula Tionge yekha. Ati anthu azidya mpunga mitima ikugunda.

Koma bambo wa nzeruyu anaiwala kuti alendo akewo ndi Amalawi. Munthu wamkulu wachokera kumudzi, wakhala kuseri kwa khoma, inu n'kumangotafuna nkhuku osakamupatsa moni? Zimenezo n'zakuti? Kachipindako kanali ndi khomo lina lotulukira panja, ndipo azimayi anayamba kuzemba mmodzimmodzi. Aliyense ankakagwada, kufunsa za ulendo, za mvula, za amene atisiya. Wina anapititsa tiyi, wina mbale ya ndiwo, wina anakawafunditsa jekete poti kunali kamphepo. Ankabwerako maondo ali mbuu ndi fumbi, maso ali ofiira.

Tionge anafunsa kuti kodi kunjako kuli chiyani. Mayi wina anayankha kuti akukaona galimoto yatsopano ya abusa, chonsecho abusawo anabwera pa sitima. Rodwell analimva bodza lofookalo. Moyo wake wonse ankazunza anzake ndi chidwi, lero wozunzika anali iye, ndipo anaopa zenizeni kuti zonse zimuwonongekera m'manja.

Kutatsala mphindi zochepa, anaimika kamera pa miyendo yake itatu kuloza chitseko chokhoma chija, n'kuyamba kujambula. Anakonza zoti chikangotseguka aitembenuzire kwa Tionge. Anapatsa mkazi wake maikolofoni kuti athokoze anthu. Tionge anathokoza ampingo, anathokoza anzake a kuntchito, kenako anati pali munthu mmodzi amene akanakonda akanaona tsikuli.

A Nasimango anamva mawu a mwana wawo pa sipika. Za 3 koloko analibe nazo ntchito. Anayesa chitseko, chokhoma. Anatulukira khomo la azimayi lija, kuzungulira nyumba yonse, n'kudzalowera khomo lalikulu kumbuyo kwa anthu onse, jekete ya eni ikufika m'maondo.

"Tionge, ine ndatopa nako kubisala. Tabwera kuno ndikuone."

Ee, zimene zinachitika pamenepo! Maikolofoni inagwa, mipando inagwa, nthungululu inamveka mpaka ku mafakitale oyandikana nawo. Tionge anathamanga nsapato imodzi itavuka, n'kukagwera pa mapazi a mayi ake, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Rodwell naye anangoima kukamwa yasa, misozi ili chuchuchu, kamera ataiiwaliratu.

Mawa lake ataiona vidiyoyo pa foni anagwira kumutu. Mphindi khumi ndi imodzi za chitseko chotseka, chopentedwa zotuwa, ndi Petro ataima pambali kiyi ali m'manja. Nkhope ya Tionge munalibemo ngakhale pang'ono. Anachita manyazi kwambiri, napepesa mkazi wake, nati aifufuta.

Tionge analanda foniyo, nabwezera pamene pamamveka mawu a mayi ake, namvetsera kawiri.

"Mukaifufuta, ndi ine muyambana nane," anatero. "Nkhope yanga ndimaiona pa galasi tsiku lililonse. Mawu awa ndiwo ndinalibe."

A Nasimango anabwerera ku Mitundu patatha miyezi itatu. Mpaka lero, Tionge akakwera sitima yopita kuntchito, amaika timawaya m'makutu n'kuyang'ana chitseko chotuwacho pa foni yake, akumwetulira yekha, kudikira kuti mayi ake amuitane.