Njira Yopita ku Mkuyu

Ntchito ya kunkhalango anandipezera ndi achimwene anga. Ndinafika ku Joni chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndili ndi zitenje ziwiri ndi pakamwa posatseka, pamene iwo anali atakhalitsa kale ku Pretoria. Ankagwira ntchito yosamalira mitengo pamalo ena ochezera kunja pang'ono kwa tauni, nkhalango ya mabulugamu ndi mitengo yachilengedwe, kumene anthu ankabwera Loweruka ndi Lamulungu kudzaotcha nyama ndi kupitidwa mphepo. Ine anandilowetsa ntchito yotsuka zimbudzi, kutola mabotolo ndi kusalaza njira.

Kumunsi kwa nkhalangoyo, pafupi ndi kamtsinje, kunali mkuyu waukulu. Achimwene anakhomapo benchi ndi manja awo, ndipo nkhomaliro yawo ankadyera pamenepo tsiku ndi tsiku. Ankati mthunzi wake ndi wofanana ndi wa kwathu ku Thyolo. Ine ndinkawatsutsa kuti mthunzi ndi mthunzi basi, iwo n'kumati ndinabadwa ndi maso oonera zolakwa zokhazokha. Apo sankanama kwenikweni.

Njira yotsikira ku mkuyuwo inali yanga. Inali yothiridwa timiyala toyera tophwanya, ndipo m'mawa uliwonse ndinkaisalaza ndi leki mpaka mizere ioneke ngati tsitsi lopesa. Munthu akapondapo ndisanamalize, ankamva mawu anga.

Nditagwira zaka zingapo, tekisi imene achimwene anakwera pobwerera kunyumba inagubuduka. Moyo unatsala, koma msana unathyoka. Atatuluka m'chipatala anabwerera m'kachipinda kathu ku Sunnyside ali pa njinga ya olumala. Mkazi wawo ndi ana anali kumudzi, choncho wowasamalira ndinali ine. Poyamba analimba mtima ndithu. Anaphunzira kudzisamutsa okha kuchoka pabedi, manja awo anakula ngati a munthu woumba njerwa, ndipo ankapalasa okha mpaka kushopu ya pakona kukagula buledi ndi kukangana za mpira.

Itakwana Khirisimasi, mpingo wathu wa Amalawi unakonza zokachezera kunkhalango kwathu kuja. Achimwene anavala malaya oyera, nameta ndevu. M'galimoto monse ankangokamba za mkuyu, kuti kaya benchi lawo likadalipo. Pageti zinthu zinkaoneka bwino: poimika magalimoto panali pojambulidwa chithunzi cha njinga ya olumala, ndipo pachimbudzi anali ataikapo pokwerera posalala. Koma titangolowa m'njira yanga ija, matayala anatitimira m'timiyala. Achimwene anakankha, mitsempha ya m'khosi n'kutuluka, njinga osasuntha.

Ife Amalawi munthu akavutika sitifunsa, timangogwira. Abambo anayi a mumpingo anathamanga, nanyamula njinga ndi mwiniwake yemwe, kuika pamapewa. Amayi ena amtima wabwino, pofuna kupeputsa katundu, anayambitsa nyimbo. Inali nyimbo yapang'onopang'ono, ija timaimbanso poperekeza maliro, koma palibe anaganizako. Tonse tinavomera. Amuna anayi kutsogolo atasenza munthu, azimayi a zitenje pambuyo tikuimba, tikutsetsereka pansi pa mitengo. Anthu amene ankaotcha nyama m'mbali anasiya kuseka, ndipo bambo wina wachikulire anavula chipewa.

Ine ndinali kuimba nawo, mokweza kuposa onse. Kenaka ndinamva mawu a achimwene kuchokera pamwamba.

"Nditsitseni."

Nyimbo inapitirira.

"Ndati nditsitseni! Sindinafe ine!"

Anawatsitsa. Nyimbo inaduka. Nkhope yawo sindidzaiiwala, chifukwa sanali okwiya ayi, anali ndi manyazi. Anapempha kuti abwerere kugalimoto, ndipo popeza njinga sikanayenda, anawanyamulanso, ulendo uno mwakachetechete. Ku mkuyu sanafikeko.

Kuchokera tsiku limenelo anasiya kutuluka. Buledi ndinkagula ndine. Anthu a mumpingo akabwera kudzapepesa, iwo ankatembenukira kukhoma. Anayamba kuonda, nayambanso kukamba zoti ndiwakweze basi akafere kumudzi. Ndinachita mantha kwambiri. Munthu amene ngozi inamulephera, tinali titamugwetsa ife abale ake ndi nyimbo. Ndinakwiyira abambo anayi aja, ndinakwiyira amayi a nyimbo, koma Lolemba nditagwira leki n'kuona timiyala tanga toyera, ndinadziwa amene anayambitsa zonse.

Ndinapita kwa kapitawo wathu, Bunu wamimba yaikulu amene sanali munthu woipa, kungoti ankaopa mapepala. Ndinamuuza kuti chithunzi cha pageti chija chikunama, chifukwa chimaitana munthu kuti adzathere poimika magalimoto. Anakanda m'mutu, nati simenti imafuna chilolezo cha kuofesi ya m'tauni, ndipo alemba kalata. Makalata a kuofesi ndinali nditawadziwa kale kuti amayenda ngati bilimankhwe.

Sabata lomwelo thirakitala inalambula mseu wotchinga moto kumalire a nkhalango, ndipo inagumula zulu zingapo. Nditaona dothi lofiiralo lili mbwee, ndinakumbukira kwathu. Mtsikana aliyense wa kumudzi amadziwa kuti dothi la pachulu ukalinyowetsa, kulitsendera n'kulizira bwino, limauma gwa, moti pakhonde pa amayi anga mbuzi zinkapondapo osasiya phazi. Ndinabwerera kwa kapitawo kukapempha dothilo kuti ndizirire njira ija. Anaseka mpaka kutsokomola, koma anati dothi logumuka kale lilibe mwini, bola zimbudzi zizikhala zoyera.

Ndinayamba. Ndikamaliza ntchito yanga, ndinkakokera timiyala pambali, kututa dothi pa wilibala, kuliphwanya, kusakaniza ndi mchenga wa kumtsinje, kuwaza madzi, kenaka kutsendera ndi chipika mpaka mapewa kuchita dzanzi. Pomaliza ndinkagwada n'kusalaza ndi mwala. Amuna ogwira nawo ntchito ankandiseka kuti mlongo wa ku Malawi akuzira nkhalango. Yekhayo amene sanaseke anali mnzanga wotsuka naye zimbudzi, mayi wa Chipedi, mtundu wa komweko, amene kwawonso amazira. Tsiku lachitatu anangobwera ndi chidebe, nati, "Eish, sesi, madzi wachulutsa," n'kugwada pambali panga.

Achimwene sindinawauze. Ndinkafuna kudzawadzidzimutsa ndi chinthu chomalizidwa, chifukwa kunyada ndinali nako kuyambira kale. Titafika pakati pa njira, kunagwa mvula ija ya ku Pretoria yobwera masana ndi ziphaliwali. M'mawa mwake ndinapeza ntchito ya masabata atatu ili kumtsinje, pakati pa njira patang'ambika ngalande yolowa mwendo.

Madzulo ndinafika kunyumba ndikutukwana mvula, dothi ndi Joni yemwe. Ndinaulula zonse ndikumenyetsa mapoto. Achimwene anali chigonere, atayang'ana kukhoma. Patapita nthawi ndinamva akufunsa.

"Njirayo unailunjikitsa kumunsi?"

"Nanga ndikanailunjikitsa kumwamba?"

"Ndiwe wopusa," anatero, natembenuka. "Madzi saiwala khwawa. Wawakonzera msewu wawo, ndiye ukudabwa chiyani? Tandipatsa kalendala iyo ndi pensulo."

Sindinasangalalepo ndi kutukwanidwa ngati tsiku limenelo. Kuseri kwa kalendala anajambula nkhalango yonse kuchokera m'mutu, mtengo uliwonse pamalo pake. Anati njira izipita mokhotakhota, pakati pake pakhale kamsana kuti madzi azithawira m'mbali, kumtunda kwake ndikumbe kangalande n'kuikamo timiyala tanga tija, ndipo pakhale malo atatu athyathyathya oti munthu apumirepo manja. Atamaliza anaponya pensulo, nati, "Koma usaganize kuti ine ndipitako."

"Ndani wakuitanani?" ndinayankha.

Kuyambira pamenepo, ndikangotsegula chitseko funso linali la njira. Wafika pati? Pa bulugamu wopsa ndi mphezi uja wadutsa kumanzere kapena kumanja? Ndikayankha molakwa, ankadzuka kukhala tsonga kuti andikalipire bwino. Chakudya chinayambanso kutha m'mbale.

Ntchito inatenga miyezi. Itatha, ndinayendetsapo wilibala yodzaza ndipo inayenda bwinobwino, koma achimwene anati wilibala ili ndi tayala limodzi ndipo ilibe msana wothyoka. Ndiye tsiku lina ndinawabwereka njinga yawo. Amayi a chipinda choyandikana nafe, a ku Dedza, atandiona ndikuipinda anagwira pakamwa.

"Achemwali, musakakhalepo! Kumeneko n'kulaula, mudziitanira tsoka."

"Amayi, tsoka linabwera kale pakhomo pano osaitanidwa," ndinatero.

Ndinakhalapo ndithu. Zimene ndinaphunzira tsiku limenelo, maso anga oonera zolakwa aja anali asanazione. Kamuzu ka mtengo kamene phazi silikamva n'komwe kanandiimitsa ngati khoma. Pokhota pachiwiri njinga inapendekeka, ndinatsala pang'ono kugwera m'tchire. Pa benchi panalibe malo otembenukira. Pokwera, manja anatuluka matuza ndisanafike theka, ndipo mnzanga wa Chipedi uja anaseka mpaka kukhala pansi. Tinakonza zonsezo, kwa masabata ena awiri.

Kuti achimwene avomere kupita, sindinawauze kuti akaone mkuyu. Ndinati akayendere ntchito, chifukwa kapitawo sadziwa kanthu za madzi. Tinapita Lachiwiri m'mawa, nyengo yozizira, kulibe alendo. Titafika poyambira njira, manja anga anapita okha pa zogwirira za kumbuyo kwa njinga.

"Chotsa manja."

Ndinachotsa. Ndinawapinda kumbuyo n'kugwira chitenje zolimba kuti asandipereke. Achimwene anayang'ana njirayo nthawi yaitali, yofiira, youma gwa, ikukhota pakati pa mitengo monga anaijambulira. Kenaka anakankha. Matayala anagubuduka opanda phokoso. Ndinkawatsatira patali, mtima uli m'mwamba pokhota paliponse. Sanacheuke ngakhale kamodzi.

Atafika pansi pa mkuyu anaimitsa njinga pambali pa benchi lawo, naligwedeza kuona ngati misomali ikadagwira. Kenaka anayang'ana m'mwamba m'masamba. Ine ndinalira, osabisa.

"Pokhota pachiwiri mpopapatiza," anatero.

"Mwadutsapo bwanji nanga?"

"Ndadutsapo chifukwa ndine dalaivala."

Pobwerera ndi pamene panali ntchito. Anapuma pamalo onse atatu, thukuta lili kamukamu, malaya atamatirira kumsana. Pamalo achitatu ndinaona manja awo akunjenjemera, ndipo ndinasendera pafupi. Anandiyang'ana ndi diso limodzi, ine n'kubwerera. Anafika pamwamba okha.

M'zaka zotsatira njira ija inadziwika. Kunkabwera agogo a ndodo, azimayi okankha ana, ndi basi ya ana a sukulu ya olumala amene ankapikisana potsetsereka mpaka aphunzitsi awo kukuwa. Mvula ikatha chaka chilichonse ndinkaizira mwatsopano. Kalata ya kapitawo inadzayankhidwa patapita zaka, ndipo anthu a kuofesi anabwera kudzayala njerwa. Anayeza ndi zipangizo zawo, nakambirana, kenaka anayala motsatira makhotedwe omwe aja a kuseri kwa kalendala. Dzina langa silinalembedwe paliponse, koma ndikamadutsapo ndinkayenda ngati nkhalango yonse ndi ya bambo anga. Ndimanyadira njira imeneyo kuposa chilichonse chimene ndinagwira ku Joni.

Koma tsiku limene ndimalikumbukira koposa ndi la Khirisimasi yotsatira, njira ikadali ya dothi. Mpingo unapitanso, ndipo achimwene anavalanso malaya oyera aja. Poyambira njira abambo anayi aja anaima mwamanyazi, osadziwa poika manja. Amayi a nyimbo anali atatseka pakamwa ngati alumbira. Achimwene anawayang'ana onse mmodzimmodzi.

"Abambo, inu nyamulani mapoto ndi nyama," anatero. "Amayi, bwanji lero mwangoti duu? Imbani. Koma ikhale yothamanga, chifukwa ine sindidikira munthu."

Anakankha matayala, natsogola. Ife tonse tinawathamangira pambuyo, nyimbo ikutithera mpweya.