Abakha a Amayi pa Dzuwa la Okutobala

Mpaka lero fungo la madzi amene asambamo abakha limandichititsa nseru. Ndi fungo la matope, zitosi ndi madeya osasa, ndipo chilimwe chimene tinasamukira m'tauni ndilo linali fungo la pakhomo pathu. Ndinali Sitandade 4. Madzi osefukira anali atatenga nyumba yathu ku Marka, mbuzi, nkhokwe ya mapira, ndi bambo anga amene anabwerera kukapulumutsa bwato. Anatsala ndi abakha okha, poti bakha samira. Amayi anawasenza m'dengu mpaka kunyumba ya lendi ya chipinda chimodzi, kuseri kwa msika.

Pabwalo la nyumbayo panali mtengo umodzi wokha, msawu, ndipo patsinde pake panali chitsime chimene mabanja onse a pamenepo ankatungapo. Abakha sanachite kuuzidwa. Ankaswera pamthunzipo, milomo ili m'matope a madzi otayikira. Bakha wamkazi mmodzi, wa banga loyera pakhosi, anaikira mazira mumtanga wakutha nayamba kufungatira. Amayi ankaima n'kumamuyang'ana nthawi yaitali. Chichitikireni maliro opanda mtembo aja, aka kanali koyamba kuwaona akudikira chinthu.

Kenako kunabuka kolera. Mwana wamng'ono wa Mayi Fombe, oyandikana nafe khomo, anadwala m'mawa, pofika mawa lake tinali kumanda. Pasanapite nthawi kunabwera mlangizi wa zaumoyo, bambo wamtali, malaya atanyowa ndi thukuta. Sanakalipe. Anati m'tauni ziweto siziyendayenda ngati kumudzi. Zizikhala m'khola, ndipo kholalo litalikirane ndi chitsime komanso makomo a anthu. Akadzapezanso abakha pachitsime, adzawalanda. Eni nyumba anali chiimire pambali, ndipo anawonjezera kuti iwo safuna milandu, nyumba za lendi n'zambiri kwina.

Amayi anafunsa malo amene lamulolo likulola. Bamboyo anamwazamwaza maso, naloza pakona pa mpanda, pamtetete pamene ngakhale udzu sunkamera.

"Bambo, pamenepo ndi padzuwa," anatero Amayi.

"Mayi, ine ndabwerera madzi akumwa. Za dzuwa sananditume."

Tinamanga kholalo ndi zotola, malata adzimbiri a kumsika ndi mabango ochepa. Udzu wofolera m'tauni amachita kugula. Kwathu sitinamangepo khola la abakha, ankagona pakhonde n'kumapita okha kudambo. Amayi ankadziwa bwino kuti kuchigwa kuno lata la mu Okutobala ndi chiwaya, choncho anayala masaka onyowa padenga. M'mawa uliwonse ndinkathira madzi pamasakawo ndi kudzaza beseni ndisanapite kusukulu, iwo n'kumapita kukagulitsa nsomba zouma za eni ake. Dzuwa likangokwera pang'ono, masakawo ankauma gwaa, madzi a m'beseni n'kufunda ngati osamba.

Wamkazi uja tinamusamutsa ndi mtanga wake womwe. Anzake ankaunjikana pakhomo la khola, kukamwa kuli yasa, mapiko atagwera pansi. Iye sankachoka pamazira. Ndinkamuthira madzi pamsana, iye n'kumandijompha dzanja.

Tsiku lina kunatentha kopanda ndi kamphepo komwe. Ndinaweruka kusukulu mchenga ukuwotcha mapazi, ndipo ndinapeza m'khola muli zii. Beseni linali litagubuduzika. Abakha anali lambalamba m'fumbi, ena mitu itapanikizika pakati pa mabango. Wamkaziyo anali chikhalire pamazira ake, khosi litalendewera kunja kwa mtanga, nyerere zitayamba kale kulowa m'maso. Nditacheuka ndinaona mthunzi wa msawu uli bii, pansi pake popanda munthu kapena chiweto.

Amayi atafika sanalire. Anatereka madzi, ndipo tinasosola nthenga mpaka dzuwa kupendeka. Nyamayo anagawira anansi, kuyambira kwa Mayi Fombe. Mazira anakakwirira okha kuseri kwa mpanda, ine anandiletsa kuwatsatira. Mlangizi uja atabweranso anapeza pachitsime pali poyera, natiyamikira pamaso pa eni nyumba kuti ndife anthu omvera.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti bamboyo ankadana ndi abakha, kapena ndi ife obwera. Sukulu ndinailekera Fomu 2, koma sipafunika satifiketi kuti udziwe kuti sanalakwe. Zitosi ndi madzi akumwa siziyendera limodzi, ndipo mwana wa Mayi Fombe anali munthu, osati bakha. Zimenezo ndikuvomera. Chimene chimandiwawabe n'chakuti lamulo lija analemba ndi anthu a mabwalo aakulu ndi mitengo yambirimbiri, koma linadzagwira ntchito pabwalo la mtengo umodzi. Amayi sanawetenso kanthu, ngakhale mwanapiye.